Mmene Mphunzitsi Angathandizire Ophunzira Kukonza Nkhani za pa Wikipedia Monga Ntchito ya M'kalasi

Ntchito zambiri zimene ophunzira amalemba kusukulu zimawerengedwa ndi munthu mmodzi yekha, yemwe ndi mphunzitsi wochonga, ndipo malikisi akangoperekedwa mapepalawo amaiwalika. Kukonza nkhani ya pa Wikipedia, insaikulopediya ya pa intaneti imene aliyense angathe kuikonza, ndi ntchito ya mtundu wina, chifukwa zimene wophunzira walemba zimaonekera kwa aliyense nthawi yomweyo, ndipo anthu amene sakumudziwa n'komwe ali ndi ufulu womufunsa umboni, kusintha mawu ake kapena kuwachotseratu. Phindu la ntchitoyi lagona pomwepo, ndipo zovuta zakenso zimachokera pomwepo. Malangizo otsatirawa ndi a inu aphunzitsi a kusekondale ndi kukoleji amene mukuganiza zopereka ntchito yotereyi, ndipo mfundo imene ikubwerezedwa m'menemu ndi yakuti wophunzira ayambe wapeza magwero odalirika asanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, ndipo inuyo muchonge luso limene waonetsa pogwiritsa ntchito magwerowo.

Wikipedia inayamba pa 15 January 2001, ndipo amene anaiyambitsa ndi Jimmy Wales ndi Larry Sanger. Masiku ano ilipo m'zinenero zoposa 300, ndipo ya Chingelezi yokha ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Bungwe la Wikimedia Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limasamalira makompyuta ndi mapulogalamu oyendetsera webusaitiyi, koma sililemba nkhani ndipo silizichonga. Amene amagwira ntchito imeneyo ndi anthu ongodzipereka, amene salipidwa kanthu ndipo amaigwira pa nthawi yawo yopuma. Choncho mukalowetsa kalasi ya ophunzira 40 pa Wikipedia, mwabweretsa alendo 40 m'nyumba ya eni ake, ndipo zinyalala zimene alendowo angasiye adzasesa ndi eni nyumbawo.

Zimene zinachitika m'mbuyomu zikusonyeza mbali zonse ziwiri. Mu 2008 Jon Beasley-Murray, mphunzitsi wa pa University of British Columbia ku Canada, anapatsa ophunzira ake ntchito yokonza nkhani zokhudza mabuku ndi olemba a ku Latin America, ndipo mothandizidwa ndi akonzi ozolowera ntchitoyi, nkhani 3 zinafika pa mlingo wapamwamba kwambiri wa Wikipedia ya Chingelezi pamene zina 8 zinavomerezedwa kuti ndi nkhani zabwino. Mu 2011 pulogalamu ina inayesedwa m'makoleji a mumzinda wa Pune ku India, kumene ophunzira mazanamazana analowa pa Wikipedia nthawi imodzi asanaphunzitsidwe mokwanira. Ambiri anangokopera mawu a m'mabuku ndi m'mawebusaiti ena, akonzi ongodzipereka anatha nthawi yaitali akuchotsa zokoperazo, ndipo pulogalamuyo inaimitsidwa chaka chomwecho. Ophunzira a ku Pune sanali operewera nzeru kuposa a ku Canada. Chimene chinasiyana ndi kuchuluka kwawo, kukonzekera kwawo ndiponso thandizo limene anali nalo.

Yambani ndi inu nomwe

Musapereke ntchito imene inuyo simunaigwirepo. Teremu isanayambe, tsegulani akaunti yanu ndipo kwa milungu ingapo konzani zinthu zing'onozing'ono m'nkhani za phunziro lanu, monga kuwonjezera gwero pamene palibe, kukonza chaka cholakwika kapena kuwongola chiganizo chosamveka. Dziwani bwino malo 4 amene ntchito yonse idzayenderamo. Malo oyamba ndi nkhani yeniyeniyo. Achiwiri ndi tsamba lokambirana, lolembedwa kuti "Talk", kumene akonzi amatsutsana ndi kugwirizana za nkhaniyo. Achitatu ndi mbiri ya tsamba, yolembedwa kuti "View history", imene imasunga chilichonse chimene chinasinthidwapo, dzina la wosintha ndi nthawi yake. Achinayi ndi tsamba loyeserera, lotchedwa "Sandbox", limene aliyense wokhala ndi akaunti amakhala nalo. Mphunzitsi amene akonzi ena anamuchotserapo zimene analemba, n'kupita kukafunsa chifukwa chake mwaulemu, amatha kulimbitsa mtima wophunzira amene zomwezo zamuchitikira.

Lembetsaninso kalasi yanu pa chida choyang'anira ntchito za magulu. Bungwe la Wiki Education limathandiza makoleji a ku United States ndi ku Canada okha, koma aphunzitsi a kwina kulikonse angagwiritse ntchito Programs & Events Dashboard, yomwe ndi yaulere. Ophunzira akalembetsa pamenepo mumaona pa tsamba limodzi nkhani imene aliyense akukonza ndi zimene wasintha, ndipo akonzi ena amadziwa kuti anthu atsopanowa ndi a kalasi imodzi ndiponso kuti pali mphunzitsi woti angalankhule naye pakavuta. Muyeneranso kusankha chinenero. Wikipedia ya chinenero chilichonse ili ndi malamulo akeake, ndipo manambala amene atchulidwe m'munsimu ndi a Wikipedia ya Chingelezi. Zina, monga ya Chichewa, zili ndi nkhani zochepa kwambiri, kutanthauza kuti malo olembapo ndi ambiri, koma akonzi oti agwire zolakwa ndi ochepanso, choncho udindo wonse wotsimikizira kuti zolembedwazo ndi zoona umagwera pa inu.

Za maakaunti

Wophunzira aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, chifukwa akaunti yogwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo ndi yoletsedwa, ndipo dzina limene likuoneka ngati la sukulu kapena la bungwe limatsekedwa. Alangizeni kuti asagwiritse ntchito mayina awo enieni, popeza mbiri ya tsamba sifufutika ndipo cholakwa chimene munthu anachita ali wophunzira chikhoza kupezeka ndi aliyense patapita zaka zambiri. Inuyo sungani mndandanda wa mayina a akaunti pamodzi ndi eni ake. Ngati ophunzirawo ndi ana, asalembe zaka zawo, nambala ya foni kapena kumene amakhala pa tsamba lililonse.

Pali zinthu ziwiri za kayendetsedwe zimene zimadzidzimutsa aphunzitsi ambiri. Choyamba n'chakuti Wikipedia imalola kutsegula maakaunti 6 okha pa maola 24 kuchokera pa adiresi imodzi ya intaneti, ndipo popeza makompyuta onse a m'labu imodzi kawirikawiri amaoneka ngati adiresi imodzi, wophunzira wa nambala 7 adzakanidwa. Auzeni kuti atsegule maakaunti awo kunyumba kapena pa foni, patatsala mlungu kuti phunziro loyamba lichitike. Chachiwiri n'chakuti akaunti yatsopano siloledwa kuyambitsa nkhani yatsopano mwachindunji kapena kukonza nkhani zina zotetezedwa mpaka itakwanitsa masiku 4 ndiponso itasintha zinthu maulendo 10.

Malamulo atatu amene wophunzira ayenera kumvetsa

Lamulo loyamba ndi la kusakondera. Nkhani ya mu insaikulopediya siikira kumbuyo mbali iliyonse, koma imafotokoza zimene magwero odalirika akunena, ndipo maganizo alionse amapatsidwa malo molingana ndi kulemera kwake pakati pa akatswiri. Izi sizitanthauza kuti mbali zonse zimapatsidwa malo ofanana, chifukwa ganizo la anthu ochepa kwambiri siliyenera kulembedwa ngati kuti likulimbana mofanana ndi zimene akatswiri ambiri amagwirizana. Lamulo lachiwiri ndi lakuti owerenga azitha kutsimikizira zolembedwazo, kutanthauza kuti mfundo iliyonse imene munthu angaikayikire ikhale ndi gwero losindikizidwa limene wina angakalione yekha. Lamulo lachitatu limaletsa kulemba kafukufuku wako kapena maganizo ako atsopano.

Lamulo lachitatuli ndi limene limavuta ophunzira anzeru kwambiri, ndipo n'loyenera kuti mulipatse phunziro lathunthu. Kwa zaka zambiri takhala tikuwaphunzitsa kuti nkhani yabwino ya kusukulu imakhala ndi mfundo yaikulu imene wolemba akuiteteza, ndipo amene walumikiza mabuku awiri n'kutulutsa ganizo lachitatu timamupatsa malikisi ambiri. Pa Wikipedia zimenezo n'zoletsedwa. Ngati buku lina likunena kuti m'dera linalake mvula inachepa, ndipo lipoti lina likunena kuti anthu ambiri anasamuka m'deralo zaka zomwezo, wophunzira sangalembe kuti anthuwo anasamuka chifukwa cha kuchepa kwa mvula pokhapokha atapeza gwero limene likunena choncho mosapita m'mbali. Mwina ganizo lakelo ndi lolondola, koma malo ake ndi m'lipoti limene adzakupatseni inuyo kumapeto kwa teremu.

Kusankha nkhani yoti akonze

Pano ndi pamene ntchito yambiri imapambanira kapena kulepherera, ndipo musalole kuti wophunzira asankhe yekha popanda inu kuvomereza. Pa Wikipedia ya Chingelezi nkhani zimaikidwa m'magulu malinga ndi ubwino wake, kuyambira zazifupi kwambiri zotchedwa "Stub", kenako "Start", C ndi B, mpaka "Good article" ndi "Featured article". Zoyenera ophunzira ndi za magulu awiri oyambawo, makamaka zimene mutu wake ndi wofunika pa phunziro lanu koma zili ndi ndime ziwiri kapena zitatu zokha. Nkhani zapamwamba zisiyeni, chifukwa chiganizo chilichonse m'menemo chinakambidwa kale ndi anthu amene amaziyang'anira tsiku ndi tsiku, ndipo munthu watsopano sangawonjezerepo zambiri.

Mitundu ingapo ya nkhani ndi yoti muikane ngakhale wophunzira ataumirira. Nkhani za ndale zimene anthu akukanganirana, za nkhondo zimene zikuchitika ndiponso za mikangano ya zipembedzo zimakhala ndi malamulo apadera okhwima, ndipo zina saloledwa kuzikhudza munthu amene akaunti yake sinakwanitse masiku 30 ndi zosintha 500. Nkhani za matenda ndi mankhwala zimafuna magwero a mtundu wapadera, monga mabuku ophunzitsira madokotala ndi malipoti ounika kafukufuku wambiri pamodzi, chifukwa anthu odwala amawerenga nkhanizo n'kuchitapo kanthu. Nkhani za anthu amene ali moyo zimafunanso kusamala kwakukulu. Mu 2005 munthu wina analemba bodza m'nkhani ya mtolankhani wa ku America John Seigenthaler, lomugwirizanitsa ndi kuphedwa kwa pulezidenti wa dzikolo John F. Kennedy ndi mng'ono wake Robert Kennedy, ndipo bodzalo linakhalapo miyezi pafupifupi 4 lisanachotsedwe. Kuchokera nthawi imeneyo mfundo iliyonse yokayikitsa yonena za munthu wamoyo imachotsedwa nthawi yomweyo ngati ilibe gwero lolimba. Pomaliza, wophunzira asalembe za sukulu yake, za aphunzitsi ake, za abale ake kapena za kampani imene amagwirako ntchito, chifukwa munthu sangafotokoze mosakondera chinthu chimene chikumukhudza.

Ophunzira ambiri amafuna kuyambitsa nkhani yatsopano, chifukwa zimasangalatsa kuona mutu umene kunalibe ukuonekera. Kuteroko n'kotheka, ndipo mipata ilipo yambiri, mwachitsanzo pa nkhani za mbiri ya anthu pa Wikipedia ya Chingelezi, za akazi ndi pafupifupi imodzi yokha pa zisanu zilizonse. Koma nkhani yatsopano iyenera kusonyeza kuti mutu wake unalembedwapo mozama ndi magwero odalirika angapo amene sakugwirizana ndi mwini nkhaniyo, apo ayi imafufutidwa yonse. Kwa kalasi imene ikuchita ntchitoyi koyamba, kukulitsa nkhani imene ilipo kale n'kwanzeru kuposa kuyambitsa ina.

Njira yosavuta yodziwira ngati mutu uli woyenera ndi iyi: musavomereze mutu uliwonse mpaka wophunzira atakubweretserani magwero 4 kapena 5 amene wawawerengadi, ndi kukuuzani mfundo zimene zili m'magwerowo koma mulibe m'nkhani ya pa Wikipedia. Amene walephera kupeza magwero asankhe mutu wina mlungu womwewo. Ngati akugwira m'magulu, gulu lisapitirire anthu atatu, ndipo magulu awiri asakhale pa nkhani imodzi.

Magwero

Ophunzira asanalembe zawo, apatseni ntchito younika nkhani imene ilipo kale. Aiwerenge n'kuona mfundo zimene zilibe gwero, atsegule magwero angapo kuti aone ngati akunenadi zimene nkhaniyo ikunena, ayang'ane mbiri ya tsambalo ndi zokambirana zake, kenako apeze chiganizo chimodzi cholembedwa chizindikiro chakuti "citation needed", kutanthauza kuti pakufunika gwero, n'kuchipezera gwerolo. Kantchito kameneka kamaoneka kochepa, koma kamawaphunzitsa kugwiritsa ntchito batani la "Cite", limene limalemba lokha tsatanetsatane wa gwero munthu akangoika linki, nambala ya ISBN ya buku kapena nambala ya DOI ya pepala la kafukufuku. Awuzeni kuti aziona zimene batanilo latulutsa, chifukwa nthawi zina limasokoneza dzina la wolemba kapena chaka, ndipo nambala ya tsamba la buku ayenera kuiwonjezera okha.

Magwero odalirika kwambiri ndi mabuku ofalitsidwa ndi mayunivesite kapena makampani odziwika osindikiza mabuku, magazini a akatswiri amene zolemba zake zimaunikidwa ndi akatswiri ena zisanatuluke, ndiponso manyuzipepala amene ali ndi mbiri yotsimikizira nkhani ndi kukonza akalakwitsa. Zolemba za pa Facebook, mawebusaiti a anthu wamba, zikalata zotsatsa za makampani ndi manotsi a m'kalasi sizilandiridwa monga umboni wa mfundo zikuluzikulu. Ngakhale nyuzipepala yotchuka ikhoza kukanidwa, monga mmene akonzi a Wikipedia ya Chingelezi anagwirizanirana mu 2017 kuti Daily Mail ya ku Britain isamagwiritsidwe ntchito monga gwero. Palibe lamulo lokakamiza kuti gwero likhale la pa intaneti kapena la m'chinenero chimene nkhaniyo yalembedwa. Buku la mulaibulale ndi lovomerezeka kotheratu, ndipo apa ndi pamene ophunzira amaposa akonzi ena ambiri, popeza iwo ali ndi mwayi wolowa mulaibulale ya sukulu.

Wikipedia yeniyeniyo si gwero, ndipo mawebusaiti amene amakopera kwa iyo si magwero. Mu 2008 wophunzira wina wa ku New York analemba mwanthabwala m'nkhani ya kanyama kotchedwa coati kuti kamadziwikanso ndi dzina lakuti Brazilian aardvark. Dzinali linali lopeka, koma manyuzipepala angapo ngakhalenso buku lina lofalitsidwa ndi yunivesite analitenga ngati loona, ndipo linakhala m'nkhaniyo mpaka 2014. Phunzitsani ophunzira kuyerekezera tsiku limene gwero linatuluka ndi tsiku limene mfundoyo inalowa pa Wikipedia, pogwiritsa ntchito mbiri ya tsamba. Ngati mfundoyo inayamba kuoneka pa Wikipedia, gwerolo ndi lokayikitsa.

Wophunzira wina adzafunsa chifukwa chake zimene akuluakulu a kwawo amadziwa, zimene sizinalembedwe m'buku lililonse, sizingalowe m'nkhani. Funsoli ndi lomveka, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa Wikipedia ili ndi kufooka kwenikweni, chifukwa imadziwa zambiri za anthu amene analembedwa kwambiri ndipo imadziwa zochepa za amene mbiri yawo inasungidwa pakamwa. Kambiranani zimenezi m'kalasi, popeza ndi phunziro labwino, koma wophunzira asayese kuthetsa vutolo mwa kulemba zopanda gwero, chifukwa zidzangochotsedwa.

Kulemba m'mawu akeake

Zolemba za pa Wikipedia zimaperekedwa pa laisensi ya CC BY-SA, imene imalola aliyense kuzikopera, kuzisintha ngakhale kuzigulitsa, malinga ngati watchula kumene zachokera ndipo wazipereka kwa ena pa laisensi yomweyo. Ndiye chifukwa chake wophunzira sangaikepo mawu a munthu wina, popeza sangapereke kwaulere chinthu chimene si chake, ndipo kutchula gwero sikuchotsa mlandu wa kukopera. Ambiri amadziwa kuti kukopera ndime yathunthu n'kulakwa. Chimene sadziwa n'chakuti kutenga chiganizo cha wolemba wina n'kusintha mawu awiri kapena atatu, kamangidwe kake n'kukhala komweko, kumaonedwanso ngati kukopera. Njira yothandiza ndi yakuti awerenge magwero awiri kapena atatu, alembe mfundo zokha mwachidule pamodzi ndi manambala a masamba, atseke mabukuwo, alembe ndime yake kuchokera pa mfundozo, kenako atsegulenso mabukuwo kuti aone ngati sanapotoze tanthauzo. Inuyo mungayese zolemba zawo ndi chida chotchedwa Earwig's Copyvio Detector, chimene chimayerekezera tsamba ndi mawebusaiti ena, ngakhale kuti sichiona mabuku amene sali pa intaneti. Amene akumasulira nkhani kuchokera ku Wikipedia ya chinenero china ayenera kutchula nkhani imene wamasulira, ndipo asaike zomasulira za makina zimene sanazikonze.

Nenani poyera kumayambiriro kwa teremu kuti mapulogalamu a AI asawalembere nkhani. Mapulogalamu amenewa amatulutsa ziganizo zosalala, koma amapeka mabuku amene kulibe ndipo amanamizira mabuku enieni mfundo zimene mulibe. Kuyambira mu 2025 Wikipedia ya Chingelezi ili ndi lamulo lolola kufufuta mwamsanga tsamba limene likuonekeratu kuti linalembedwa ndi makina otere popanda munthu kuliunika. Njira yodziwira ndi kusankha magwero awiri pa ntchito ya wophunzira aliyense n'kumupempha kuti akuonetseni ndime imene anatengamo mfundoyo.

Kalembedwe kakhale kosavuta ndi kopanda zokometsera. Chiganizo chakuti munthu wakutiwakuti anali katswiri woposa onse a m'nthawi yake chimachotsedwa, koma chakuti analandira mphoto yakutiyakuti m'chaka chakutichakuti chimakhala ngati chili ndi gwero, ndipo owerenga adzaweruza okha za ukatswiri wake. Mawu monga "anthu ambiri amati" kapena "akatswiri amakhulupirira kuti" amadzutsa funso lakuti anthuwo ndi ati, choncho wophunzira atchule dzina la amene ananena. Mawu akuti "masiku ano" ndi "posachedwapa" alowedwe m'malo ndi chaka, chifukwa nkhaniyo idzawerengedwanso patapita zaka 10. Ndime yoyamba ya nkhani imakhala chidule cha zonse zili m'munsi mwake, choncho ikonzedwe pomalizira, ndipo nkhani ya mu insaikulopediya sikhala ndi ndime yomangira mfundo kumapeto.

Kusamutsira ntchito pa nkhani yeniyeni

Ophunzira alembe kaye pa tsamba loyeserera, anzawo awiri awerenge n'kupereka ndemanga, ndipo inunso muwerenge musanawalole kupitirira. Asanasinthe nkhani yeniyeni, alembe pa tsamba lokambirana la nkhaniyo ziganizo zochepa zofotokoza kuti ndi ophunzira, gawo limene akufuna kuwonjezera ndi magwero amene agwiritse ntchito. Kawirikawiri palibe amene amayankha, koma akayankha, ndemanga yake imapulumutsa ntchito ya milungu ingapo. Posamutsa aziika ndime imodzi kapena gawo limodzi pa nthawi, ndipo nthawi iliyonse azilemba m'kabokosi ka "Edit summary" zimene achita. Asafufute nkhani yonse n'kuikapo yawo, chifukwa potero amataya ntchito ya anthu ena, komanso mkonzi amene wapeza cholakwa chimodzi m'chimulu chachikulu amabweza chimulu chonsecho, pamene zikanakhala zidutswa akanachotsa cholakwikacho chokha.

Konzani kalendala yanu kuti kusamutsaku kuchitike patatsala milungu itatu kuti teremu ithe. Pa ntchito ya milungu 10, milungu iwiri yoyamba ingakhale ya maakaunti, malamulo ndi kuunika nkhani, iwiri yotsatira ya kusankha mutu ndi kusonkhanitsa magwero, itatu ya kulemba ndi kuwerengerana, ndipo yotsalayo ya kusamutsa ndi kuyankha ndemanga. Kalasi imene imathira zonse usiku wa tsiku lomaliza n'kuzimiririka ndi imene imaipitsa mbiri ya ophunzira onse pamaso pa akonzi.

Zimene walemba zikachotsedwa

Uzani ophunzira pasadakhale kuti ena mwa iwo zidzawachitikira, ndipo si chilango. Choyamba ayang'ane mbiri ya tsamba kuti awerenge chifukwa chimene wochotsayo wapereka. Ngati chifukwacho n'chomveka, akonze cholakwacho n'kuyesanso. Ngati sichikumveka, afunse pa tsamba lokambirana mwaulemu, asaine uthenga wake ndi zizindikiro ~~~~ zimene zimasanduka dzina lake ndi nthawi, kenako adikire tsiku limodzi kapena awiri. Chimene sayenera kuchita ndi kubwezeretsa mawu omwewo mobwerezabwereza. Lamulo limaletsa kubweza zosintha za ena koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24, ndipo wophwanya lamuloli amatsekeredwa akaunti kwa kanthawi, ngakhale zitakhala kuti mfundo yake inali yoona. Asaitanenso anzake a m'kalasi kuti adzamuikire kumbuyo, chifukwa akonzi amaona zimenezo ngati chinyengo. Mafunso a anthu atsopano amayankhidwa mokoma mtima pa tsamba lotchedwa Teahouse. Akonzi ena amalankhula mwachidule kwambiri moti munthu angaganize kuti akumukalipira, ndipo pamene mkangano wakula ndi bwino kuti inuyo mulowererepo ndi akaunti yanu.

Za zithunzi, lamulo ndi lalifupi. Chithunzi chopezeka pa intaneti kawirikawiri chimakhala ndi mwini wake ngakhale palibe chizindikiro chosonyeza zimenezo. Wophunzira agwiritse ntchito zithunzi zimene zili kale pa Wikimedia Commons, webusaiti yosungira zithunzi zimene aliyense amaloledwa kugwiritsa ntchito, kapena zimene wajambula yekha, podziwa kuti akangoziika pamenepo wazipereka pa laisensi imene sangadzaibweze.

Kuchonga

Musapereke malikisi potengera kuchuluka kwa mawu, chifukwa wophunzira amene wauzidwa kuti alembe mawu 1,000 pa mutu umene magwero ake akungokwanira mawu 400 adzadzaza malo otsalawo ndi zobwerezabwereza kapena zokopera. Musachongenso potengera ngati zolemba zake zakhalabe pa tsamba, popeza zimenezo sizili m'manja mwake, ndipo wophunzira amene akuopa kutaya malikisi ndi amene amalimbana ndi akonzi. Chilichonse chimene analemba chimasungidwa m'mbiri ya tsamba, ndipo mungachione ngakhale chitachotsedwa, kupatula zokopera zimene nthawi zina zimabisidwa kotheratu. Pa chifukwa chomwecho, musalamule kuti nkhani ifike pa mlingo wa "Good article", chifukwa ounika nkhani zotere ndi ongodzipereka ndipo mzere wake umatha miyezi.

Gawo lalikulu la malikisi lipite ku ubwino wa magwero ndi kukhulupirika kwa wophunzira pofotokoza zimene magwerowo akunena. Lina lipite ku kalembedwe kosakondera, lina ku ndemanga zimene anapereka kwa anzake ndi mmene anayankhira akonzi, ndipo lina ku lipoti lalifupi limene adzakulembereni lofotokoza zimene anapeza zikusowa m'nkhaniyo, zimene anasiya dala ndi chifukwa chake, ndiponso maganizo ake amene sakanaloledwa pa Wikipedia. Wophunzira amene wachotsa ndime zitatu zabodza n'kuikapo imodzi yoona wagwira ntchito yaikulu, ngakhale kuti nkhaniyo yafupika. Ndipo musapereke ntchito yoika zabodza dala n'cholinga choona ngati zigwidwa, chifukwa kumeneko ndi kuwononga, ndipo kungachititse kuti makompyuta a sukulu yonse aletsedwe kukonza Wikipedia.

Teremu ikatha, dutsaninso m'nkhani zonse zimene kalasi yanu inakhudza. Konzani kapena chotsani zimene mwapeza kuti n'zolakwika pochonga, chifukwa kuchotsera wophunzira malikisi sikuchotsa cholakwacho pamaso pa owerenga. Onaninso zolemba zimene sizinasamutsidwe, podziwa kuti zimene zili m'gulu la "Draft", lomwe ndi la nkhani zosamalizidwa, zimafufutidwa zikatha miyezi 6 popanda wozikhudza, ndipo ngati zina ndi zabwino limbikitsani eni ake kuti azimalize. Sungani mndandanda wa nkhani zimene zakonzedwa, zimene magwero ake anasowa ndi zimene zinadzutsa mikangano, kuti kalasi ya chaka chamawa idzasankhe mitu yake kuchokera pa mndandanda umene mwauyesa kale.